Masamba akafota, akachita chikasu kapena mizu ikawola: kuthetsa mavuto a ndiwo zolimidwa m'madzi ndi za manyowa

Pa famu ya banja yomwe imalima letesi, sipinachi ndi basil m'madzi, kwinaku ikulimanso ndiwo zina m'nthaka ndi manyowa okhaokha, mavuto amakhala omwewo chaka ndi chaka. Cholakwika chimene chimabwerezedwa kwambiri n'chimodzi: munthu akangoona kuti masamba asintha mtundu amathamangira kuwonjezera feteleza. Kawirikawiri chakudya chimakhala chilimo kale m'thankimo, koma mizu ndi imene ikulephera kuchimwa. Kuwonjezera feteleza pamenepo kumangoipitsa zinthu.

Pansipa mavuto asanjidwa potengera zimene mukuona ndi maso. Pa vuto lililonse, chifukwa cholembedwa poyamba ndicho chimapezeka kawirikawiri, ndipo chomalizira chimachitika mwa apo ndi apo.

Musanathire kalikonse, onani zinthu zisanu izi

1. Mizu. Zulani chomera chimodzi chodwala ndi china chooneka bwino. Mizu yathanzi imakhala yoyera, yolimba, yosanunkha.
2. Kayendedwe ka madzi. Pitani kumapeto kwa paipi iliyonse muone ngati madzi akutuluka. M'mapaipi a NFT, momwe madzi amayenda pang'ono kunsi kwa mizu, paipi iliyonse imafuna lita 1 mpaka 2 pa mphindi. Tcherani botolo la lita imodzi muwerenge nthawi.
3. Kutentha kwa madzi. Akhale pakati pa 18°C ndi 22°C. Yezani masana dzuwa litakwera, osati m'mawa.
4. pH, yomwe imasonyeza kuchuluka kwa asidi m'madzi (nambala ikatsika, asidi wachuluka). Ikhale pakati pa 5.5 ndi 6.5, ndipo kwa letesi pabwino ndi pafupi ndi 6.0.
5. EC, yomwe imasonyeza kuchuluka kwa feteleza wosungunuka m'madzi. Letesi wamkulu amafuna 1.2 mpaka 1.8 mS/cm, mbande zake 0.8 mpaka 1.0. Sipinachi amapirira yokwererapo pang'ono.

Koma mita nayonso imanama. Mita ya pH muziikonza sabata iliyonse ndi madzi ake oyezera a 7.0 ndi a 4.0, ndipo ya EC ndi madzi a 1413 µS/cm. Nsonga ya mita ya pH isamaume, komanso isasungidwe m'madzi otchezedwa (distilled water). Ili ndi madzi ake osungiramo. Mita ikamachedwa kuima pa nambala imodzi kapena ikamakana kukonzeka, nsonga yake yatha. Mafamu ambiri aononga thanki yonse ndi asidi chifukwa chokhulupirira mita yakufa.

Lembani manambala onsewa m'kope tsiku lililonse, pa nthawi yofanana. Nambala ya tsiku limodzi sinena zambiri. Mzere wa masiku khumi ndi umene umaonetsa kumene zinthu zikulowera.

Zomera zafota masana

Ili ndi vuto lofuna changu. M'mapaipi a NFT mulibe nthaka yosunga chinyezi, choncho kukatentha zomera zimatha kufota pasanathe ola limodzi madzi akasiya kuyenda.

- Madzi asiya kuyenda. Onani magetsi, kenako pampu, kenako sefa. Ngati mapaipi onse auma, vuto lili pa pampu kapena pa paipi yaikulu. Ngati yauma imodzi kapena ziwiri, katiyubu kolowetsa madzi katsekeka ndi ndere kapena tizidutswa ta mizu. Kazuleni, kauzireni mpweya, kabwezereni. Podikira kukonza, thirani madzi a m'thanki ndi chitini kumutu kwa paipi iliyonse pa mphindi 15 kapena 20 zilizonse ndipo phimbani zomera ndi neti ya mthunzi.
- Mizu yatseka njira. Zomera zikakula, mizu imaunjikana n'kutchinga madzi, moti zakumutu zimamira pamene zakumapeto zikuuma. Paipi ikhale yopendekeka bwino, kutsika sentimita 1 pa masentimita 30 mpaka 40 alionse, ndipo isabwanyuke pakati. Paipi yopitirira mamita 12 imavuta: zomera zakumapeto zimalandira madzi otentha komanso opanda mpweya wokwanira.
- Madzi atentha. Madzi ofunda amasunga okosijeni wochepa, pomwe mizu yofunda imafuna wochuluka. Pa 20°C madzi amatha kusunga pafupifupi mamiligalamu 9 pa lita, pa 30°C pafupifupi 7.5.
- Mizu yawola. Onani gawo lotsatira.
- EC yakwera kwambiri. Madzi akachuluka mchere wa feteleza, mizu imavutika kuwakoka. Onjezerani madzi wamba mpaka EC ibwerere pamalo pake.

Chomera chimene chafota masana n'kudzuka madzulo chikadali ndi mwayi. Chimene chagona chofota mpaka m'mawa, kawirikawiri mizu yake yatha.

Pampu yachiwiri yosungira, yofanana ndi imene ikugwira ntchito, si chinthu chapamwamba pa ulimi uwu. Ikhale pafupi, itamangidwa kale zolumikizira zake, kuti kusintha kutenge mphindi zisanu.

Mizu yada, yaterera ndipo ikununkha

Choyamba siyanitsani kuwola ndi kungoda. Feteleza wina, makamaka wokhala ndi ayironi wofiirira, amadetsa mizu popanda kuivulaza. Gwirani muzu umodzi ndi zala muukoke pang'ono. Ngati khungu lake likuvuka n'kusiya kaulusi pakati, umenewo wawola. Kawirikawiri woyambitsa ndi Pythium, kachilombo kamene kamayenda m'madzi n'kufalikira m'mapaipi onse amene amamwa thanki imodzi.

Pythium amapezeka pafupifupi paliponse. Chimene chimamupatsa mphamvu ndi mizu yofooka, choncho funani chimene chafooketsa mizuyo:

- Madzi opitirira 24°C kwa masiku angapo. Kwirirani thanki pansi kapena ikutireni, ipakeni penti yoyera, ndipo mapaipi akuda obweretsa madzi asakhale padzuwa.
- Mpweya wochepa. M'mabedi amene zomera zimayandama pa madzi akuya, onani ngati miyala yotulutsa mpweya ikutulutsadi thovu lambiri. Imatsekeka pakapita miyezi. Mu NFT, madzi obwerera m'thanki azigwa kuchokera pamwamba kuti azivundula madziwo.
- Dothi lolowa ndi anthu. Pa famu yolima mbali ziwiri ili ndi khomo lalikulu la matenda. Nsapato, mipeni, mathireyi ndi manja ochokera kumunda wa manyowa zisalowe kwa zomera za m'madzi zisanatsukidwe. Yambani ntchito ya tsiku ku mbali ya m'madzi, mumalizire kumunda.
- Madzi a mumtsinje kapena m'damu osathiridwa mankhwala.
- Zotsalira za mizu ya mbewu zimene munakolola kale.

Vuto likakhala pa zomera zochepa, zizuleni ndi mizu yomwe, muziike m'thumba n'kuzitulutsa. Musaziponye pa kompositi. Tsitsani kutentha kwa madzi, onjezerani mpweya, kenako dikirani masiku anayi kapena asanu muone ngati mizu yatsopano yoyera ikutuluka. Ngati zodwala zapitirira theka, kulimbana nazo n'kutaya nthawi. Kololani zimene zingagulitsidwe, khuthulani thanki, kwechani mapaipi ndi burashi kuti zoterera zomatirira m'kati mwake zichoke, kenako yendetsani madzi osakaniza ndi bulichi wa m'nyumba, gawo limodzi pa magawo asanu ndi anayi a madzi, kwa mphindi 30. Tsukuluzani kawiri kapena katatu mpaka fungo lithe. Kuthira bulichi musanakweche sikuthandiza, chifukwa tizilombo timabisala kunsi kwa zotererazo.

Chenjezo: bulichi asakumane ndi asidi wotsitsira pH. Zikasakanikirana zimatulutsa mpweya wa klorini womwe ungaphe munthu m'nyumba yotsekeka.

Sipinachi sapirira matendawa ngati letesi. Ngati sipinachi yekha ndi amene akufa, mupatseni thanki yakeyake.

Masamba achita chikasu

Funso loyamba: ndi masamba ati, atsopano apamwamba kapena akale apansi?

Atsopano achita chikasu koma mitsempha yake ikadali yobiriwira. Kumeneku n'kusowa ayironi, ndipo zifukwa zake ndi izi:

- pH yakwera kupitirira 6.5. Ayironi alimo koma wamangika. Tsitsani pH kufika pa 5.8 mpaka 6.0, masamba otuluka pambuyo pake adzakhala obiriwira pakatha masiku ochepa.
- Mizu yodwala kapena madzi ozizira kwambiri.
- Mtundu wa ayironi sukugwirizana ndi madzi anu. Fe-EDTA amasiya kugwira ntchito pH ikadutsa pafupifupi 6.5, Fe-DTPA amafika cha ku 7, pomwe Fe-EDDHA amapirira ngakhale pH yokwera kwambiri. Ngati madzi anu amakokera m'mwamba nthawi zonse, sinthani mtunduwo.

Akale achita chikasu tsamba lonse, chomera chikukula pang'onopang'ono. Kumeneku n'kuchepa kwa nayitirojeni. Onani EC, ngati yatsika, onjezerani mofanana feteleza A ndi B, magawo awiri a feteleza wa m'madzi amene amasungidwa padera. Ngati EC ili bwino koma madzi a m'thanki akhalitsa osasinthidwa, mwina nambalayo ikukwezedwa ndi mchere umene zomera sizidya, monga sodiyamu. Khuthulani musakanize atsopano.

Akale achita chikasu pakati pa mitsempha. Kumeneku n'kuchepa kwa maginiziyamu, ndipo kumachitika kawirikawiri potaziyamu kapena kashiamu akachuluka. Magalamu 20 mpaka 25 a mchere wa Epsom pa malita 100 a madzi ndi poyambira pabwino. Musungunuleni m'ndowa kaye.

Tsamba lakale limene lachita chikasu silibwerera. Muziweruza ngati mwakonza vuto poyang'ana masamba atsopano.

Nsonga za masamba am'kati zapsa

Ili ndi vuto limene limasokoneza alimi ambiri a letesi. Timasamba tam'kati mwa mutu timada m'mphepete ngati tawauka ndi moto, makamaka sabata yomaliza musanakolole. Choyambitsa n'kusafika kwa kashiamu ku timasamba timeneto, koma kawirikawiri si chifukwa choti kashiamu wachepa m'madzi. Kashiamu amayenda ndi madzi amene tsamba likutulutsa ngati nthunzi. Masamba akunja amapeza mphepo, amatulutsa nthunzi yambiri ndipo amatenga kashiamu yense. Am'kati ali pachinyezi, mphepo sifikako, ndiye amakula alibe kashiamu wokwanira.

- Mphepo sikufika pakati pa chomera. Ikani mafani oulutsira mphepo pansi, molunjika pamitu ya letesi, kuti masamba azigwedezeka pang'ono. Fani yowombera chammbali imathandiza pang'ono chabe.
- Chomera chikukula mothamanga chifukwa cha kutentha ndi kuwala kwambiri. Ikani neti ya mthunzi ya 30 mpaka 40 peresenti m'miyezi yotentha.
- EC yakwera. Kukatentha itsitseni kufika cha ku 1.2.
- Mtundu wa letesi. Wa butterhead ndi wa romaine amagwidwa msanga kuposa wa masamba otambasuka. Mitundu ina inapangidwa kuti izipirira. Werengani pa paketi.
- Kashiamu wachepadi m'madzi. Izi zimachitika ngati feteleza A waiwalika kapena wagwa pansi pa thanki.

Kupopera kashiamu pa masamba sikuthandiza kwenikweni mutu ukatseka kale, chifukwa mankhwalawo safika pamene pali vuto. Nthawi zina njira yachidule n'kukolola masiku atatu kapena anayi msanga.

Ngati amene apsa m'mphepete ndi masamba akunja, akale, limenelo ndi vuto lina: mchere wachuluka kapena chomera chinauma kwa kanthawi.

pH sikukhazikika

Ikukwera tsiku ndi tsiku. Kukwera pang'ono n'kwachibadwa, popeza zomera zikamadya nayitireti (mtundu wa nayitirojeni wa mu feteleza) pH imakwera. Koma ngati mukuthira asidi tsiku lililonse, madzi anu ali ndi bicarbonate wambiri, monga amakhalira madzi ambiri a m'zitsime zakuya za m'malo a miyala ya laimu. Konzani pH ya madziwo mu thanki ina musanawalowetse, kapena asakanizeni ndi madzi a mvula. Ndere nazo zimakweza pH masana. Dziwani kuti asidi wa phosphoric akathiridwa wambiri amaunjika fosifolasi m'madzi.

Ikutsika. Yang'anani mizu kaye, chifukwa mizu yowola imatsitsa pH. Mizu ikakhala bwino, mwina feteleza wanu ali ndi amoniyamu wambiri, kapena madzi anu ndi a mvula okhaokha omwe alibe choletsa pH kugwa.

Ikulumpha uku ndi uku. Thanki yachepa poyerekeza ndi zomera, kapena mukuthira asidi wambiri nthawi imodzi. Sungunulani asidi m'ndowa ya madzi, thirani pang'ono, dikirani mphindi 20 pampu ikuyenda, kenako yezaninso. Nthawi zonse asidi ndi amene amathiridwa m'madzi, osati madzi mu asidi, ndipo valani magolovesi ndi magalasi oteteza maso.

Pansi pa thanki pali zoyera ngati ufa

Feteleza A ndi B anakumana asanasungunuke m'madzi ambiri. Mu A muli calcium nitrate, mu B muli ma sulphate ndi ma phosphate. Akakumana ali okhathamira amapanga timiyala tosasungunuka, ndipo chakudyacho chatayika basi. Dzazani thanki ndi madzi kaye, thirani A, vundulani bwino, kenako B. Aliyense akhale ndi kapu yake yoyezera. Zoyera zomwezi zimabweranso pH ikakhalitsa pamwamba pa 7.

Za EC, mfundo yake ndi yaifupi. Madzi akamachepa EC n'kumakwera, zomera zikumwa madzi kwambiri kuposa kudya: onjezerani madzi wamba. EC ikamatsika, zikudya kwambiri: onjezerani feteleza. Thanki yaing'ono muziikhuthula yonse pakatha masabata awiri kapena atatu, ndipo madzi akalewo musawataye mumtsinje kapena pa mabedi a manyowa.

Ndere

Pamene pali madzi, feteleza ndi kuwala, ndere zimera. Chimene mungachotse pa zitatuzi ndi kuwala kokha. Vundikirani thanki, tsekani mabowo opanda zomera, ndipo sinthani matiyubu oonekera m'kati muike akuda. Ndere zochepa pamwamba pa timabuloko ta mbande sizipha chomera, koma zimaitana tintchentche tating'ono takuda tomwe mphutsi zake zimadya mizu ndiponso timanyamula matenda.

Letesi watalika, watulutsa tsinde ndipo akuwawa

Choyamba ndi kutentha: masana akamapitirira 27°C kwa masiku ambiri, makamaka usiku nawo ukafunda, letesi amayamba kukonzekera maluwa. Chachiwiri n'kuchedwa kukolola. Chachitatu n'kuthithikana, mitu ikuluikulu imafuna masentimita 20 pakati pake. Tsinde likangoyamba kukwera palibe chobweza, kololani tsiku lomwelo. Ngati chomera n'chachitali, chofooka, chotuwa koma chosawawa, vuto ndi kuchepa kwa kuwala: tsukani pulasitiki ya padenga kapena chotsani neti ya mthunzi imene yakhalitsa nyengo yake itapita.

Mbewu sizikumera, kapena mbande zikugwa

- Kutentha. Njere za letesi zimamera bwino pa 18°C mpaka 21°C, ndipo pafupi ndi 30°C zambiri zimangogona osamera. Fesani madzulo, muike mathireyi pamalo ozizira kwa masiku awiri oyamba.
- Kukwirira kwambiri. Njere ya letesi imangofuna kukhudza chinyezi, osati kukwiriridwa mozama.
- Njere zakale kapena zosungidwa potentha. Yesani 20 pa pepala lonyowa muwerenge zimene zamera pakatha masiku asanu. Njere zokutidwa ndi dongo loyera sizikhalitsa.
- Mbande zawonda patsinde n'kugwa. Chinyezi chachuluka. Chotsani chovundikira zikangomera, chepetsani kuthirira, ndipo tsukani mathireyi musanafesemo kachiwiri.

Kumunda wa manyowa: mbewu zachita chikasu mutangothira manyowa

Zimadabwitsa, koma zimachitika kawirikawiri. Manyowa osapsa, makamaka osakanikirana ndi utuchi kapena mapesi ouma, amapitiriza kuwola m'nthaka, ndipo tizilombo towoletsa timabwereka nayitirojeni yense amene mbewu zikanadya. Pakapita masabata angapo amabwerera, koma mbewu za masamba sizingadikire. Zithandizeni ndi manyowa a nkhuku owola bwino, ochepa, oikidwa m'mbali mwa mzere osakhudza tsinde. Ulendo wina yesani kompositi musanathire: fesani njere za letesi m'kachitini ka kompositiyo. Zikamera bwino n'kukhala zobiriwira, wapsa.

Zifukwa zina: nthaka yadzaza madzi moti mizu ikubanika, pH ya nthaka yatsika pansi pa 5.5 pomwe ndiwo zambiri zimafuna 6.0 mpaka 7.0, kapena manyowa aiwisi a nkhuku awotcha mizu.

Manyowa aiwisi alinso ndi ngozi ina yosaoneka, ya majeremusi monga E. coli ndi Salmonella. Malamulo a ku United States a ulimi wa organic (ulimi wodalira manyowa ndi njira zachilengedwe) amafuna kuti padutse masiku 120 kuchokera pothira manyowa aiwisi kufika pokolola mbewu imene gawo lake lodyedwa limakhudza nthaka, ndi masiku 90 kwa zina zonse. Kwa ndiwo zodyedwa zosaphika, muyezo umenewu ndi wanzeru kulikonse.

Kompositi sakutentha kapena akununkha

Finyani kompositi m'dzanja. Ayenera kugwirana, mwina n'kudontha dontho limodzi kapena awiri.

- Wozizira ndi wouma: thirirani pamene mukutembenuza.
- Wozizira koma wonyowa bwino: zouma zachuluka, onjezerani zaziwisi kapena ndowe. Mwinanso mulu wachepa. Ufike mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu.
- Fungo la mkodzo: zaziwisi zachuluka, sakanizani udzu wouma.
- Fungo la dzira lowola: madzi achuluka, mpweya mulibe. Tembenuzani, onjezerani zouma, phimbani ku mvula.

Pakati pa mulu pazifika 55°C mpaka 65°C kuti njere za udzu ndi majeremusi ambiri zife.

Masamba abowoka, apiringizika kapena akumata

Tembenuzani tsamba muone kunsi, ndiko tizilombo timakhala.

- Mabowo ndi timatuvi tobiriwira: mbozi. Pa kabichi kawirikawiri ndi timbozi ting'onoting'ono timene timasiya tsamba ngati zenera. Poperani Bt, mankhwala ochokera ku bakiteriya wa Bacillus thuringiensis, madzulo chifukwa dzuwa limawaononga. Amagwira bwino mbozi zikadali zazing'ono, ndipo bwerezani pakatha masiku 5 mpaka 7.
- Masamba opiringizika, omata, nyerere zikukwera: nsabwe za m'masamba. Sopo wophera tizilombo, mamililita 10 mpaka 20 pa lita, amapha zokhazo zimene wazikhudza. Yesani pa zomera zochepa kaye, ndipo musapopere dzuwa likuswa. Nayitirojeni wochuluka amachulukitsa nsabwe.
- Mizere yotuwa ngati siliva ndi timadontho takuda: ma thrips, tizilombo tating'ono kwambiri toyamwa masamba. Tcherani timapepala tomata ta buluu. Tachikasu ndi ta ntchentche zoyera. Timapepalati ndi tokudziwitsani kuti tizilombo tafika, osati tothetsa vuto.
- Mabowo aakulu ndi njira yonyezimira: nkhono. Zitoleni usiku ndi tochi.

Pa kabichi, chikasu chooneka ngati chilembo V kuchokera m'mphepete mwa tsamba, mitsempha itada, ndi matenda a bakiteriya obwera ndi njere kapena madzi othovukira. Alibe mankhwala. Zulani zodwala, lekani kuthirira pamwamba pa masamba, ndipo pamalopo musabzalepo za banja la kabichi kwa zaka zitatu.

Chomera chafota nthaka ili yonyowa

Zulani muone mizu. Timatuza tambiri tosachoka mukatikanda ndi ma nematode, tinyongolotsi tosaoneka ndi maso. Kasinthasintha wa mbewu, kompositi wambiri ndi kuphimba bedi lonyowa ndi pulasitiki yoonekera kwa masabata 4 mpaka 6 m'nyengo yotentha zimawachepetsa, ngakhale sizimawatha. Mizu ya kabichi yotupa ngati zibonga ndi matenda ena amene amakonda nthaka ya asidi ndipo amakhala m'nthakamo zaka zambiri. Laimu wokweza pH kupitirira 7 amawafooketsa.

Tomato wofota mwadzidzidzi masamba akadali obiriwira muyeseni chonchi: dulani tsinde pafupi ndi nthaka, muviike nsonga yake m'tambula ya madzi oyera osagwedeza. Ngati pakatha mphindi zochepa mukutuluka timizere toyera ngati utsi, ndi bakiteriya wofotetsa. Zulani chomeracho ndi dothi lake, tsukani khasu, ndipo madzi a pamenepo asayenderere ku mabedi ena.

Masamba akufota asanafike kwa wogula

Kawirikawiri vuto ndi kutentha kumene masamba achoka nako kumunda. Kololani m'mamawa, muike pamthunzi nthawi yomweyo, muziziritse msanga. Letesi ndi sipinachi amasungika pa 0°C mpaka 2°C m'chinyezi chambiri. Basil ndi wosiyana: pansi pa 10°C amada, choncho asalowe m'firiji limodzi ndi letesi. Timadontho tofiirira pa mitsempha ya letesi timabwera akasungidwa pamodzi ndi zipatso zakupsa monga nthochi, maapulo ndi tomato, zomwe zimatulutsa mpweya wa ethylene. Masamba opakidwa akudontha madzi amaterera m'thumba pasanathe masiku awiri, aumitseni kaye.

Pa zolemba za pa paketi samalani. Ku European Union ndiwo zolimidwa m'madzi siziloledwa kutchedwa organic, pomwe ku United States zimatha kuvomerezedwa. Zokolola za mbali ziwiri za famu muzizipaka padera, chilichonse ndi dzina lake loona.

Pamene muyenera kuleka n'kuitana katswiri

Wa zamagetsi:

- Mukamva kugwedeza kwa magetsi pogwira madzi, thanki kapena chitsulo. Zimitsani pa switchi yaikulu, ndipo wina aliyense asagwire madziwo.
- Chotetezera cha RCD cha 30 mA chikamazima mobwerezabwereza. Musachilumphe, chikukuuzani kuti magetsi akuthawira kwina. Ngati mulibe chotetezerachi pa mapampu anu, chiikidwe.
- Waya watentha, pulagi yada, kapena mukufuna kulumikiza jenereta.

Labotale yoyeza madzi ndi nthaka:

- EC ya madzi anu musanathiremo feteleza ikapitirira 0.5, kapena mwasintha gwero la madzi. Pemphani kuti ayeze sodiyamu, kloraidi, bicarbonate, kashiamu, maginiziyamu ndi E. coli.
- Chikasu chikupitirira ngakhale pH, EC, kutentha ndi mizu zili bwino.

Mlangizi wa zaulimi kapena katswiri wa matenda a mbewu:

- Kuwola kwa mizu kwabweranso mutatsuka zonse kawiri.
- Masamba ali ndi mawangamawanga, apunduka, ndipo vutolo likufalikira mzere ndi mzere. Mwina ndi vayirasi.
- Mukufuna kugwiritsa ntchito mankhwala amene simukudziwa ngati ndi ololedwa pa ndiwo zamasamba kapena pa satifiketi yanu ya organic. Funsani musanapopere.

Potumiza chomera kukayezedwa, tengani chimene changoyamba kudwala, osati chakufa kale, pamodzi ndi mizu yake ndi china chathanzi chofananitsira, ndiponso kope lanu la manambala.

Achipatala ndi azaumoyo:

- Asidi kapena mankhwala okwezera pH agwera m'maso: tsukani ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala mutanyamula botolo lake.
- Wogula wanena kuti wadwala atadya ndiwo zanu, kapena madzi a chimbudzi kapena osefukira alowa m'munda. Imitsani kugulitsa zokolola za gawo limenelo, sungani zotsala padera zitalembedwa tsiku lokolola, ndipo dziwitsani azaumoyo tsiku lomwelo.